Funsani Amalume: primer yaphwathalala, bolt ikulimba, kodi mfuti ikundiuza chani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya pulesha ya mu chemba, malo a kumbuyo kwa mpope amene chipolopolo chimakhalamo, kwa inu amene mumadzidzazira nokha zipolopolo za mfuti zazitali, nde ndasankhapo asanu. Ena ndawadula chifukwa munalemba ngati mukulemba buku. Ndikuyankha anthu amene malamulo a dziko lawo amawalola kuchita zimenezi ndipo mapepala ali nawo, enanu muwerenge ngati nkhani chabe.

Amalume, ndangoyamba kumene kudzaza za .308 Winchester, ndili pa lodi yoyambira yeniyeni, muyeso wa onga woyambira wa mu buku la odzaza, sindinakwezeko olo pang'ono, koma ma primer, timabatani ta pa thako la chigoba toyatsa onga tija, akutuluka ophwathalala ngati awasita ndi simbi, m'mbali mwake kuzungulira kuja kulibenso. Mnzanga amene timawombera limodzi akuti ndisiye mfutiyo idzandiphulikira kumaso. Zigobazo ndinaziwomba kale kawiri, ndipo die yofinyira zigoba ija ndimaimanga mpaka ifike pansi penipeni kuti zizilowa mosavuta. Bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo mu chemba chija, ikutseguka ndi chala chimodzi. Ndichite mantha? — Wongoyamba kumene

Achimwene, mnzanuyo musamunyoze, pa benchi yodzazira bola wamantha kusiyana ndi wolimba mtima. Koma pa mboni zonse zimene timazifunsa za pulesha, primer ndi imene imanama kwambiri, ndipo ine kalata yanu nditafika pa mawu oti die mumaimanga mpaka pansi ndinati eya, wakuba uja ndi uyu.

Taonani zimene zimachitika mkati. Die ikatsika kwambiri imakankha phewa la chigoba mmbuyo kuposa mmene chemba yanu ikufunira, chigoba chimakhala chachifupi, chimasewera. Firing pin, singano yomenya primer ija, ikamenya imakankhira chipolopolo chonse kutsogolo mpaka phewa likagunde, nde kumbuyo kumatsala kampata pakati pa thako la chigoba ndi nkhope ya bolt. Primer ikaphulika imadzikankha yokha kutuluka m'kabowo kake kudzaza kampata kaja, chigoba chimafufuma n'kukakamira makoma a chemba, kenako pulesha ikakwera thako limakokeka mmbuyo n'kumenya bolt kuti gwa, primer yomwe inasuzumira ija n'kukhomeredwanso mkati uku ikuphwathalala. Zonsezi zimatha pa kachigawo kamodzi kapena kawiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukaichotsa primer yoteroyo n'kuiyang'ana cham'mbali muona kuti pamwamba yatambalala ngati bowa. Pulesha ikhoza kukhala yabwinobwino, vuto ndi headspace, mpata wosewera uja, imene mwapanga nokha ndi die.

Nde bwezani die mmwamba, muziitsitsa pang'onopang'ono mpaka phewa libwerere mmbuyo ndi 0.002 ya inchi basi kuchokera pa chigoba chowombedwa, ndi 0.05 mm imeneyo, ngati tsitsi limodzi lopyapyala. Mukhale ndi ka comparator, kachipangizo koyezera pamene phewa lafika, koika pa caliper, zoyeza ndi maso zisiyeni. Komanso wombani zipolopolo ziwiri zitatu za kufakitale mu mfuti yomweyo muike zigoba pambali pa zanuzo, muone ngati nazonso ma primer ake sakutuluka chimodzimodzi.

Chinanso ma primer salimba mofanana. Odzaza ambiri amadziwa kuti a Federal ndi ofewerako, a CCI olimbirako, ndipo CCI No. 34 anaipangira dala mfuti za mtundu wa chisilikali zimene firing pin yake imayenda yokha popanda sipuling'i yoibweza. Lodi imodzimodziyo, primer yofewa ioneka yoopsa, yolimba ioneka ngati palibe chachitika, ndipo apa mpamene pali ngozi yeniyeni chifukwa yolimbayo ikhoza kukusekererani pulesha itadutsa kale malire. Chikomekome cha nkhuyu chimenecho. Kamlomo kotukuka kozungulira pamene firing pin yamenya, kamene mukapititsa chikhadabo kamakola, nako nthawi zambiri ndi bowo la firing pin lotakasuka kapena sipuling'i yotopa, mfuti zina zimatero ngakhale ndi zipolopolo za kufakitale. Koma primer ikabooka, mwaona kadontho kakuda pakati kapena mwaye wozungulira m'mphepete mwake, imani, mpweya wotentha umenewo umadya nsonga ya firing pin ndi nkhope ya bolt ndipo wina umabwera kumaso kwanu. Magalasi ovala powomba aja ntchito yake ndi imeneyi.

Zodabwitsa zomwe ambiri sadziwa, primer yosuzumira kunja osabwereranso, pamodzi ndi mwaye wakuda pakhosi mpaka paphewa, kawirikawiri ndi pulesha yochepa, chigoba sichinafufume mokwanira kuti chitseke mpweya.

Ndisanakusiyeni, lodi yoyambira nayo ikhoza kutentha ngati china chalakwika. Yesani sikelo yanu ndi timiyala toyesera tija, grain imodzi ndi 0.0648 ya gramu chabe, sikelo ikanama pang'ono mwapita. Yezani kutalika kwa zigoba, .308 siyenera kudutsa 2.015 ya inchi, timadula pa 2.005, chifukwa chigoba chachitali mlomo wake umakapanikizika kutsogolo kwa chemba n'kuluma mutu wa chipolopolo osaufuna kuusiya. Ndipo ngati zigobazo ndi za chisilikali za 7.62, makoma ake ndi ochindikala, malo a onga ndi ochepa, pulesha imakwera msanga.

Amalume, ndili ndi lodi ya .30-06 ya mutu wa 180 grain imene ndinaipeza nthawi yozizira, ili theka la grain pansi pa maximum, inkamenya pamodzimodzi moti ndinadzaza 100 zonse. Sabata yatha kunatentha koopsa, zipolopolo zinali m'galimoto padzuwa kuyambira m'mawa, chachitatu kuwomba bolt inakana kukwera mpaka ndinachita kuimenya ndi chikhatho, ndipo pa thako la chigoba pali kachizindikiro kozungulira konyezimira pa zilembo. Mnzanga akuti mfuti ikungofuna mafuta. — Mlenje wodabwa

Bambo, mafutawo ayi, chonde. Ndipo zotsalazo musawombenso.

Apa sitikukamba za mboni yonama, izi ndi ziwiri zimene ine ndimazikhulupirira. Kachizindikiro konyezimira kaja ndi mkuwa wa chigoba umene walowa mu kabowo ka ejector, kachitsulo kotaya chigoba kunja, pa nkhope ya bolt, ndiye mutakweza bolt unametedwa, nchifukwa chake pakuwala komanso nchifukwa chake bolt inalimba. Mwina pa nkhope ya bolt mupezaponso tinyenyeswa ta chikasu. Mfuti za mtundu wa Mauser zilibe ejector yozungulira ija, mmalo mwake mumaona kamzere ka makona kolingana ndi mpata umene ejector imadutsamo, koma nkhani ndi yomweyo. Zigoba amapangira mkuwa wosakaniza, magawo 70 kopa 30 zinki, ndipo thako lake ndi pamene amalimbitsa kwambiri, nde ngati pamenepo payamba kuyenderera ngati phula ndiye kuti malire munawadutsa kale, osati mwawayandikira.

Chachititsa ndi kutentha. Onga wotentha umayaka msanga, pulesha imakwera, ndipo lodi imene inali m'mphepete nthawi yozizira imagwera kutsidya. Mitundu ina ya onga imapirira bwino kusintha kwa nyengo, monga Varget ndi H4350 zimene Hodgdon amagulitsa, ina makamaka wa timipira uja imasintha kwambiri, koma palibe onga umene sumva kutentha kwa galimoto yotsekedwa padzuwa. Onjezerani kuti chinali chachitatu, chemba yatentha kale, ngati munachisiya mkati mukudikira mphepo idekhe ndiye chinkaphikika. Nkhaniyi si yatsopano, Angelezi ankaidziwa nthawi ya onga wa cordite umene unkavuta kwambiri m'mayiko otentha, nchifukwa chake .416 Rigby ya 1911 chigoba chake ndi chachikulu chotere koma pulesha yake ndi yotsika, ankafuna kuti bolt itseguke nyama yoopsa ili pafupi.

Za mafuta zija ndikuuzeni zanga. Tsiku lina ndinatsuka mfuti usiku, n'kuiwala kupukuta chemba, m'mawa chipolopolo choyamba cha lodi yomwe ndaiwomba zaka bolt inalimba, chigoba chinatuluka chonyowa chikununkha mafuta chili ndi kachizindikiro ka ejector mbee. Ndinakhala pansi ndikuganiza kuti ndasokoneza onga, mpaka nditalowetsa kansalu mu chemba kakutuluka kali noninoni. Chigoba chimayenera kugwira makoma a chemba nthawi yophulika, pakakhala mafuta kapena madzi a mvula chimaterereka ndipo mphamvu yonse imapita pa bolt. Nde mukatsatira malangizo a mnzanuyo muwonjezera vuto pa vuto. Chemba ikhale youma, ndipo mafuta opaka pofinya zigoba mu die muziwapukuta pa zigoba.

Tengani chozulira mitu, kaya cha hamala chija kaya cha collet, mumasule zonse 97. Ndikudziwa zikuwawa. Yambiraninso pansi pa tsiku lotentha, muzikwera ndi 0.3 kapena 0.5 grain, ndipo pamene mwaima pakhale mpata wokwanira. Zigoba zitatu zija mukamaika primer yatsopano mumve ndi dzanja, ikangolowa yokha lobodo osalimbako ndiye kuti thako latambasuka, phwanyani ndi pulayala mutaye. Onaninso kuti mutu sukugunda mizere ya mu mpope, mukatulutsa chipolopolo chosawomba n'kuona timikwingwirima pa mutu, kameneko nako kamakweza pulesha.

Amalume, ine ndikuona kuti mabuku awa amangoopa milandu. .270 Winchester yanga ya mpope wa mainchi 22 ndadutsa maximum ya mu buku ndi grain imodzi ndi theka, mutu wa 130 grain ukuthamanga 3,200 fps, mafiti pa sekondi, pa chronograph yoyezera liwiro, primer ili bwinobwino yozungulira, bolt yofewa, palibe chizindikiro chilichonse. Si ndiye kuti mfuti yanga ndi yolimba ndipo ndikhoza kukwerabe mpaka nditaona chizindikiro? — Wokonda liwiro

Achimwene, chizindikiro mwachiona kale, chili pa chronograph yanuyo, mwangochiwerenga ngati nkhani yabwino. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Zipolopolo za kufakitale za .270 ya 130 grain zimalembedwa 3,060 fps, ndipo zimenezo amayezera pa mpope wa mainchi 24. Wanu ndi wofupika ndi mainchi awiri, inchi iliyonse imadya cha m'ma 20 kapena 30 fps, nde inu mumayenera kukhala pansi pa nambala imeneyo, koma muli pamwamba ndi 140. Liwiro limenelo lachokera kuti? Mutu umakankhidwa ndi pulesha basi, palibe china chimene chili mu mpopemo. Onga womwewo, mutu womwewo, mpope wofupika, liwiro lochuluka, yankho ndi limodzi. Ndipo pamwamba apo pulesha imakwera mofulumira kuposa liwiro, mumalipira zambiri kugula zochepa, nyama imene mukuisaka kusiyana kwa 100 fps siikudziwa n'komwe.

Manambala a mu buku sachokera m'mutu mwa loya. Ku America kuli bungwe la SAAMI limene linayamba mu 1926, ku Ulaya kuli CIP ya 1914, amenewa ndi amene amaika malire a chipolopolo chilichonse. Kwa SAAMI .270 Winchester malire ake ndi 65,000 psi, .308 ndi 62,000, .30-06 ndi 60,000, .223 Remington ndi 55,000. CIP imayeza mwa njira yake ndi ma bar, .308 imaipatsa 4,150. Kuti mumve kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 30 kapena 35 psi, pamene 62,000 psi ndi matani anayi ndi kanthu kukankha pa kamalo ka sentimita imodzi mbali zonse, kamalo konga chikhadabo, ndipo kali patsogolo pa diso lanu. Opanga mabuku amayeza ndi mipope yapadera yokhala ndi kachipangizo ka piezo kamene kamajambula pulesha yeniyeni. Inu ndi ine tili ndi maso ndi chikhadabo. Onaninso kuti .270 yanuyo ili kale pa gulu la pamwamba penipeni, mpata wosewerera kulibe.

Vuto la kudikira zizindikiro ndi loti zimabwera mochedwa. Zigoba zamakono zolimba, mu chemba yodulidwa bwino, ndi bolt yokhala bwino, zikhoza kupirira pulesha yodutsa malire osaonetsa kanthu, mpaka tsiku limene kwatentha kapena mwatsegula chitini china cha onga cha loti ina, wopangidwa ulendo wina, primer n'kuthothoka kugwera mu magazini mpweya uli psuu kumaso. Mumati mfuti ndi yolimba, zoona, m'mayiko a CIP mfuti iliyonse amaiyesa ndi zipolopolo zodutsa malire ndi 25 peresenti isanagulitsidwe, koma zimenezo ndi zipolopolo ziwiri, kamodzi pa moyo wake, ili m'chipinda chotsekedwa mulibe munthu. Ndiponso chofooka pa zonse si chitsulo, ndi chigoba cha mkuwa chimene chatseka kumbuyo.

Ena adzakuuzani kuti yezani thako la chigoba ndi micrometer. Njirayo ilipo, mumatenga chigoba chatsopano, kuyeza kutsogolo pang'ono kwa kangalande kokolapo extractor, mbedza yokokera chigoba, musanawombe ndi mutawomba, pamalo amodzimodzi, ndi micrometer ya milomo yopyapyala yowerenga mpaka 0.0001 ya inchi, ndipo ambiri amaima chikakula ndi 0.0005. Caliper wamba siingathe zimenezi. Koma mkuwa wa kampani ina ndi wofewa wa ina ndi wolimba, nde chimene mukuyeza ndi kulimba kwa chigobacho, ma psi simukuwaona. Ine ndimaigwiritsa ntchito pondiuza kuti ndiime, sindinaigwiritsepo ntchito pondipatsa chilolezo chokwera. Bwererani mkati mwa buku, ndipo liwiro lanu likafika pa la mu buku mutachotsera za mpope wofupikawo, pamenepo ndi pa maximum panu olo onga usanafike pa nambala yolembedwa.

Amalume, zigoba zanga za .303 British zikuonetsa kamzere kowala kozungulira chakumunsi, pafupi ndi thako, nditangozidzaza katatu. Lodi ndi yofatsa. Ndi pulesha? — Wa mfuti yakale

Kawirikawiri ayi bambo, koma ndi zoopsa mofanana. Chigobacho chikukokeka nthawi iliyonse mukawomba ndipo pamzere pamenepo khoma likupyapyala mkati, chatsala pang'ono kuduka pawiri, thako lidzatuluka ndi bolt thupi lidzatsala mu chemba. Ma Lee-Enfield amadziwika nazo chifukwa chemba zake zambiri ndi zotakasuka ndipo bolt imatsekera kumbuyo, nde mukamabweza phewa mmbuyo ndi die ulendo uliwonse chigoba chimatha msanga. Wongolani ka paper clip, pindani kansonga, nolani pang'ono, lowetsani mkati muzikanda khoma kuchokera pansi, kakakola pa kangalande chigobacho chatha. Chimodzi chekani pakati mulitali ndi kasowo muone ndi maso, simudzaiwalanso. Zatsopanozo muzingofinya khosi lokha kapena kukhudza phewa pang'ono chabe, ndipo zikhale za mfuti imodzi yomweyo. Wokonza mfuti akuyezereninso headspace ndi geji.

Amalume, bambo anga anamwalira chaka chatha, anasiya zipangizo zodzazira, buku lakale lolembedwa ma CUP mmalo mwa psi, chitini cha onga chimene pepala lake linachoka koma analembapo ndi pentopeni kuti 4350, komanso mabokosi awiri a zipolopolo zodzaza okha za .30-06. Mwamuna wanga ali ndi .30-06 yake ndipo akufuna aziwombe, akuti bambo anali munthu wosamala. Ine mtima sukundilola. — Mwana wa malemu

Pepani ndi imfa ya bambo, mayi. Mtima wanu ukunena zoona, ndipo sikuti tikukayikira malemu. Lodi ya munthu wosamala imapangidwira mfuti imodzi. Chemba ya mfuti ya amuna anu ikhoza kukhala yothina, kapena mizere ya mu mpope imayambira pafupi, mutu umene kwa bambo unkakhala ndi mpata kwa iwo ukhoza kukhala utaluma kale. Azimasule, zigoba ndi mitu zigwira ntchito akaziyeza, onga wa mkatimo asaugwiritse ntchito chifukwa palibe angaudziwe ndi maso.

Chitinicho ndiye ayi ndithu. Onga wa dzina la 4350 ulipo wa mitundu ingapo, monga IMR 4350, H4350 ndi Accurate 4350, umafanana dzina ndi mayakidwe pang'ono koma aliyense ali ndi manambala akeake, chimodzimodzi IMR 4895 ndi H4895, kapena IMR 4831 ndi H4831 amene kusiyana kwake ndi kokwanira kukuvulazani pa lodi ya pamwamba. Komanso simukudziwa ngati munalowa wina wotsala mu chothirira. Mukatsegula n'kumva fungo lowawasa lolasa m'mphuno, kapena kuona kafumbi kofiirira ngati dzimbiri, kapena chitini chadyeka mkati, ndiye kuti wayamba kuwola ndipo wotero akhoza kudziyatsa yekha, chichotseni m'nyumba lero lomwe. Funsani ogulitsa mfuti ovomerezeka kapena apolisi oona za mfuti mmene mungautayire.

Bukulo sungani, ndi chikumbutso, mwina muli ndi zolemba za dzanja lawo m'mbali. Koma CUP ndi muyeso wakale, ankaika kachidutswa ka kopa pa mpope woyesera, pulesha n'kukaphwanya, iwo n'kuyeza kuti kafupika bwanji. Pa muyeso umenewo .30-06 malire ake ndi 50,000 CUP, pa wa piezo ndi 60,000 psi, chipolopolo chomwecho malire omwewo, nde munthu wosadziwa akaona 50,000 amaganiza kuti kwatsala 10,000 yoti akwere. Palibe samu yodalirika yosinthira CUP kupita ku psi. Malodi ena a m'mabuku akale atawayezanso ndi zipangizo zatsopano anawatsitsa, ndiponso onga wa lero si loti ya nthawi imeneyo. Amuna anu agule buku latsopano, kapena atsegule pa intaneti masamba a Hodgdon, Vihtavuori kapena kampani imene inapanga mitu yawoyo, agule onga wa chitini chomata chokhala ndi pepala lake, ayambire pa lodi yoyambira imene yalembedwa, osatsika pansi pake chifukwa onga woyaka pang'onopang'ono ukachepa kwambiri mu chigoba chachikulu nawo umachita zosadziwika. Sikelo ya bambo aiyese kaye ndi timiyala asanaikhulupirire, yakhala chaka chathunthu pa shelefu.